Ndidzakujambula Mailo

Monile mose. Yewo. Abusa, akulu a mpingo, amayi, abambo, ndi inu achinyamata kumbuyoko, mtendele wa Ambuye ukhale nanu.

Ambili mumandidziwa. Ena mumati a Mwale apenti. Ana amati a Mwale osinja mapepala. Maina onse awili ndi anga, sindikana. Lelo ndaima pano kuti ndikuuzeni mmene ndinachokela pa dzina loyambalo kufika pa lachiwili. Abusa andipatsa mphindi zochepa. Ndiyesetsa, ngakhale mukudziwa kuti ife ojambula sitimaliza msanga.

Ine kwathu ndi ku Chipata. Ndinayamba kujambula ndi makala pa chipupa cha nyumba ya amayi, ndipo ndinakwapulidwa nazo kangapo. Nditakula ndinapita ku Lusaka, ndinakhala zaka zisanu kwa mdala wina wolemba zikwangwani. Kumeneko ndinaphunzila kusakaniza penti, kugwila bulashi, ndi kuyang'ana munthu kamodzi n'kumutenga yense. Ndinatolakonso Chinyanja cha m'tauni. Chimenecho muchisunge, tichipeza kutsogolo.

Kuno ku Lundazi ndinabwela ndi chikwama chimodzi cha mabulashi. Amene munkadutsa pa boma masiku amenewo munaiona nchito yanga. Ng'ombe yonenepa ya pa butchala, inali yanga. Mitu ya pa malo ometela, yanga. Mawu a kumbuyo kwa maminibasi a ku Mwase, ambili anali dzanja langa. Ndikapeza nsalu ndinkajambula amayi akuswa nshawa, njinga zitasenza mabelo a fodya. Koma chimene chinanditchukitsa ndi nkhope. Aphunzitsi opuma nchito, akwati, makanda, onse ankabwela kudzakhala pa mpando wanga. Anthu ankati Mwale akakujambula, galu wako amagwedezela mchila chithunzicho. Ine ndikamva choncho mutu unkakula. Ndinali ndi matama, abale. Matama enieni.

Tsiku lina ndinali ku Mphamba, ndikulemba chikwangwani cha chigayo. Ndinajambulapo tambala. Kunabwela mtsikana ndi chimanga pamutu. Anaima, n'kuyang'ana, n'kufunsa mwini chigayo kuti bakha ameneyu akutani pa chipupa. Palibe munthu anali atanenapo nchito yanga chotelo. Ndinatsika pa makwelelo kuti ndimuyankhe. Sindinamuyankhe. Patatha chaka ndinamukwatila. Dzina lake Esnati, NyaZimba. Akuluakulu muli muno mukumukumbukila, ankakhala mbali iyi, pafupi ndi zenela. Mulungu anatipatsa mwana mmodzi, mtsikana, Lusungu, ine n'kusanduka awisi Lusungu, ndiye kuti atate ake a Lusungu.

Esnati anali ndi pempho limodzi. Sanandivutitsepo za nsapato kapena za malata. Ankangoti, “Awisi Lusungu, anthu onse a m'Lundazi mwawajambula. Ng'ombe ya pa butchala mwaijambula. Ine liti?”

Ine ndinkati, “Mailo.”

Apa ndiye pali nkhani. Ku Lusaka tikati mailo, nthawi zambili tikunena mawa. Koma inu a kuno mukudziwa, m'Chitumbuka cha kwao kwa Esnati mailo ndi dzulo. Ndiye iye ankaseka mpaka kugwila chitseko. Amvekele, “Mailo? Ndiye kuti munandijambula kale. Nanga chili kuti?” Nanenso ndinkaseka. Inasanduka nthabwala ya m'nyumba mwathu. Iye liti, ine mailo, tonse kuseka. Zaka khumi ndi chimodzi.

Wa kamela akafika pa njinga, ndinkamubweza ali pa msewu pomwe. Ndinkati mkazi wa Mwale sangajambulidwe ndi kabokosi, adzajambulidwa ndi dzanja. Mukundifunsa mumtima kuti nanga chinkandiletsa n'chiyani. Palibe. Anali pompo. Mmawa ali pompo, madzulo ali pompo. Munthu amene ali pompo umaganiza kuti sapita kulikonse.

Kenaka matenda anabwela. Sinditchula zambili. Tinayenda ku chipatala, tinabwela, tinapitanso, tinabwelanso. Miyezi isanu ndi itatu. Kumapeto sankatha kudzuka. Mmawa uliwonse ndinkafunditsa madzi, n'kutenga kansalu, n'kumupukuta kumaso. Ndikatha ndinkamudzoza mafuta. Pamphumi, m'masaya, pachibwano, kuseli kwa makutu. Iye ankatsinzina, n'kukhala phee mpaka nditamaliza. Tsiku ndi tsiku, miyezi yonseyo.

Mmawa wina mantha anandigwila. Ndinatenga pepala ndi pensulo, ndinakhala pambali pa bedi. Esnati ataona, anakoka chitenje n'kudziphimba kumaso. Anayankhulila mkati mwa chitenjemo.

“Lelo ayi, awisi Lusungu. Ndatha. Mukadzafuna kundijambula, mudzajambule wa mailo uja.”

Ulendo uno palibe anaseka. Mailo ameneyo anali wa kwao, wa dzulo. Anatisiya nthawi yokumba nshawa. Lusungu anali ndi zaka zisanu ndi ziwili.

Malilo atatha ndinafuna chithunzi chake. Pa chitupa chake, nkhope inali itafufutika, chinachapidwila m'thumba la diresi kalekale. Panali china cha gulu la amayi la pano pa tchalitchi. Esnati anaima kumbuyo, kunkangooneka duku ndi khutu limodzi. Basi. Mkazi wa wojambula.

Ndinadzilimbitsa mtima. Ndinati palibe kanthu, ine ndine Mwale, nkhope ya munthu amene ndinamuona kamodzi pa siteshoni ndimaikumbukila. Ndinakankhila tebulo ku chipupa, pafupi ndi zenela, ndinakhala pansi.

Abale ndi alongo, nkhope sinabwele.

Ndinajambula. Panatuluka mkazi wokongola, koma mlendo. Ndinang'amba. Ndinajambulanso. Mlendo wina. Ndinang'amba. Panja pa zenelalo panali dilamu lakale lotchela madzi a mvula. Ndikang'amba ndinkaponya mmenemo. Mphuno ya mphunzitsi wamkulu wa ku Mwase ndinkaikumbukila. Mpata wa m'mano a kondakitala ndinkaukumbukila. Koma mkazi amene ndinadya naye mbale imodzi zaka zonsezo, ayi. Ndinazindikila mochedwa kuti anthu ena onse ndinkawayang'ana. Iye ndinkangomuona.

Nchito inayamba kufa. Obwela kudzajambulidwa ndinkawabweza, ndinkaona ngati ndikuba. Eni mashopu anayamba kukasindikiza zikwangwani zawo ku makina ku Chipata, ine sindinadandaule n'komwe. Kuno ku tchalitchi ndinasiya. Ena a inu munabwela kudzandiona, ndinakuyankhani pa zenela. Mundikhululukile. Ndinali ndi mlandu ndi Mulungu. Ndinkati, munandipatsa nkhope za anthu onse, mwandimana imodzi.

Koma m'nyumbamo sindinali ndekha. Munali mwana.

Tsiku lina Lusungu anaima kumbuyo kwanga. Anati, “Adada, amama anali ooneka bwanji? Ndayamba kuwaiwala.”

Mukudziwa chimene ndinayankha? Ndinati, dikila, ndikuwajambula, uwaona mailo.

Mawu omwewo. Sindinaphunzile kanthu.

Mwana uja anakula kumbuyo kwanga. Anaphunzila kuphika kumbuyo kwanga. Yunifolomu ikang'ambika ankasoka yekha. Chakudya ankaika pa kampando kuseli kwa msana wanga, ine n'kuti yewo, maso ali pa pepala. Akakhoza mayeso ankanena, ine n'kuti wachita bwino, maso ali pa pepala. Sindinamumenyepo. Sindinamutukwanepo. Ndinkadziona ngati bambo wabwino, amene akuvutikila mwana wake kuti adzaone amake. Zaka zisanu ndi chimodzi.

Ndiye kunabwela alamu anga, akulu ake a Esnati, kuchokela ku Mphamba. Mayi osazungulila. Anati amva kuti mwana akudzilela yekha, abwela kudzamutenga. Ine ndinati mwana ali ndi atate ake, sapita kulikonse. Ndinanena zimenezo nditakhala pa tebulo pomwepo. Alamu anati afunse mwini wake. Anamufunsa Lusungu ngati akufuna kutsala.

Mwana anati, “Amama akulu, ine adada ndimawadziwa msana.”

Ndinamva. Mawu onse ndinawamva. Ndipo abale, apa ndiye pansi penipeni pa moyo wanga. Sindinatembenuke. Manyazi anandigwila khosi. Ndinamva akulongedza. Ndinamva chitseko. Ndinamva mapazi awili akulu ndi awili aang'ono akutsikila ku msewu. Mkazi ndinali nditataya, nkhope yake ndinataya, tsopano mwana wamoyo ankapita. Ine ndili ndi pensulo m'manja.

Panapita miyezi iwili. Mvula inagwa yambili chaka chimenecho. Mmawa wina mayi woyandikana nane anabwela kudzadandaula kuti dilamu langa likununkha, likuweta udzudzu, ndikalitaye. Ndinapita. Ndinayesa kuligwetsa, linali lolemela. Ndinati ndiyambe ndachotsa zamkati. Ndinapisa dzanja mpaka m'chigongono.

Mapepala onse aja anali atasungunuka. Zaka zisanu ndi chimodzi za nkhope zolakwika zinali phala lotuwa, lozizila. Ndinatapa dzanja limodzi, ndinafinya madzi. M'manja munatsala chibuma. Ndinagwada pamatope pomwepo, ndinatsinzina. Ndinali ndisanapemphele chiikile Esnati m'manda. Pemphelo lake silinali lalitali. Ndinangoti, Ambuye, ndalephela.

Ndinakhala choncho, maso otseka, chibuma chija chili m'manja. Kenaka ndinamva chala changa chachikulu chikuyenda. Sindinachitume. Chinkayenda chokha, kuchoka pakati kupita pambali, n'kukwela pang'ono, n'kubwelela. Ndinauzindikila ulendo umenewo. Ndi mmene ndinkamudzozela mafuta pa tsaya.

Abale, maso anga anaiwala. Manja sanaiwale.

Ndinalila pa dilamu paja ngati mwana. Mayi uja anathawila m'nyumba mwake.

Ku Lusaka ndinaonapo ophunzila akuumba zinthu ndi mapepala osinja. Nthawi imeneyo ndinkawaseka, ndinkati zimenezo n'za ana a ku nasale. Tsopano ndinakumbukila zonse. Ndinatulutsa mtondo wa Esnati, umene unangokhala kuseli kwa chitseko zaka zonsezo. Ndinatsuka phala lija, ndinalisinja. Mwamuna wa ndevu zake, musi m'manja, dzuwa likuswa mtengo. Amayi odutsa popita ku mjigo ankaima n'kumati, a Mwale, mungokwatila chabe. Ndinawasiya aseke. Ndinaphika phala lopyapyala la chinangwa kuti likhale ulimbo, ndinasakaniza. Ndinavundikila chipanda pa tebulo kuti chikhale mutu.

Tsiku loyamba ndinaumba ndikuyang'ana. Zinalakwika. Maso ankalowelela, ankafuna kukongoletsa. Ndiye ndinatenga duku la Esnati, ndinadzimanga kumaso. Mmawa uliwonse, nthawi yomwe ija ndinkamupukuta, ndinkamanga duku n'kuyamba. Pamphumi, m'masaya, pachibwano, kuseli kwa makutu. Pakauma ndinkaonjezela. Milungu iwili.

Nditamaliza ndinamasula duku, ndinayang'ana. Mukuganiza kuti ndinakuwa Aleluya? Ayi. Sindinadziwe. Maso amene analephela zaka zonse, akanaweluza bwanji? Ndinaona nkhope yotuwa ya mkazi wotsinzina. Mtima unkati ndi iye. Mutu unkati wadzinamiza kambili, Mwale. Ndinaiika pakhonde kuti iume.

Apo n'kuti mbili itayenda. Mwale wapenga. Mwale akusinja mapepala. Mwale akupanga nyau pakhonde. Mukudziwa mmene nkhani imakwelela njinga kuno. Inakafika ku Mphamba. Alamu anati basi, kwatha, akatenge zotsala za mwana, asadzapondenso pakhomo pa wamisala. Anabwela Loweluka masana, Lusungu ali pambuyo.

Anafika pakhonde, anaima. Chikwama chinatsika chokha. Sanandipatse moni. Anayandikila nkhope ija, anaizungulila, n'kuwelamila ku khutu lamanzele. Anaika chala pamenepo.

“Mlamu, izi anakuuzani ndani?”

Ndinayang'ana. Panali timizele titatu, tating'ono, pamwamba pa khutu. Ine sindinadziwe n'komwe kuti ndinatiika. Chikhadabo chinachita chokha. Alamu anati zimenezo ndi mphini. Esnati ali ndi zaka zinayi ankadwala mutu, anamutema pamenepo, ndipo amene anamugwila miyendo kuti asaphiliphithe anali iwowo. Tsitsi linaphimba moyo wake wonse. Alamu anakhala pansi pakhonde, anagwila nkhope ija ndi manja awili. Ankangoti munung'una wane, munung'una wane, mng'ono wanga.

Ine ndinaima, maso ali pa pepala. Ndinkati ndapeza, ndapeza. Ndinali nditayambanso matama. Koma Mulungu anali asanamalize nane.

Alamu anapukuta misozi, anaimilila. Anamukoka Lusungu, anamugwila chibwano, n'kumuimika pambali pa nkhope ija.

“Mlamu, lekani kuyang'ana pepala. Yang'anani uku.”

Ndinayang'ana.

Mphumi yomweyo. Masaya omwewo. Chibwano chomwecho. Mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu, wamtali kundifika paphewa, ndipo ine sindinadziwe kuti anatalika liti. Alamu anati nkhope imene ndaifuna zaka zonsezi ndi imene inkandiikila chakudya kumbuyo. Sanakweze mawu. Zikanakhala bwino akanandimenya.

Lusungu sanalile. Anaiyang'ana nkhope ija nthawi yaitali. Anaigwila tsaya, kenaka anagwila lake. Ndiye anafunsa, “Adada, bwanji amama atsinzina?”

Ndinafuna kumuuza kuti manja anga anawadziwa amake ali otsinzina, kuti maso otsegula sungawagwile ndi chala. Koma pofunsapo anali akundiyang'ana. Ndipo maso amene ankandiyang'anawo ndinawadziwa. Ndi aja anaima pa chigayo n'kunena kuti tambala wanga ndi bakha.

Ndinagwada, abale. Kwathu bambo sagwadila mwana, koma ndinagwada, alamu akuona, odutsa pa msewu akuona. Ndinamupepesa. Ndinati ndinakulakwila, ndinakupatsa msana. Iye anangoti wamva. Ndinamupempha akhale pa mpando ndimujambule. Anandiyang'ana ndi diso la amake, anati, “Mailo?”

Ndinati, “Ayi, mama. Lelo. Manje.”

M'nyumba munalibe pepala ngakhale limodzi, onse ndinali nditang'amba. Ndinatenga thumba la simenti, ndinalitembenuza, ndinatola khala pa mbaula. Si chithunzi changa chabwino koposa, khutu limodzi linakula. Koma ndi chimene sindidzagulitsa.

Tsiku limenelo sanatsale. Musaganize kuti zinthu zinakonzeka ngati kuyatsa nyali. Alamu anati amalize temu ya sukulu ku Mphamba, ndipo aone ngati ndasinthadi. Loweluka lililonse ndinkapalasa njinga kupita kumeneko. Ndinkakhala moyang'anana naye, iye n'kumandiuza za kusukulu. Poyamba ankayankha mawu amodzi amodzi. Temu itatha, anabwela yekha ndi chikwama chake. Atalowa, chinthu choyamba anagwila tebulo lija, anati tilitembenuze. Mpaka lelo limayang'ana kukhomo.

Tsopano ndikuuzeni za lelo, ndikhale pansi. Penti ndinaibwelela, ndimajambula. Koma nchito yanga yaikulu ndi mapepala. Ndimapanga ndekha. Makoko a chimanga amene mumatentha m'munda, makungwa a nthochi, makope akale a ana asukulu, zidutswa za zitenje. Ndimaphika, ndimasinja, ndimasefa ndi neti yakale ya udzudzu yokhomela pa thabwa. Utoto ndimatenga ku dothi lofiila ndi makala. Ndaumba manja a mlimi akusankha fodya. Ndaumba amayi atatu pa mjigo. Njovu za ku Lukusuzi ndimaumbanso, alendo amazikonda. Zina zinapita ku chionetselo ku Lusaka. Kumeneko anafuna kuika kapepala koletsa anthu kugwila. Ine ndinati chotsani, zimenezi zinapangidwa ndi kugwila.

Akulu a mpingo awili anabwela kudzaona ngati ndikupanga mafano. Anachita bwino kubwela. Ndinawauza kuti pepala sindilipembedza, ndipo likanyowa limabwelela kukhala phala. Koma pa mtondo paja ndinaphunzila chinthu chimodzi. Ife sitinajambulidwe patali. Tinachita kuumbidwa. Amene anatiumba amadziwa ngakhale mphini zimene tsitsi linabisa.

Anamfedwa amabwela kwanga. Wina ndi malaya a mwamuna wake, wina ndi makalata a mwana wake, kuti ndiwaumbile nkhope. Ndimawauza zoona, kuti munthu amene sindinamugwilepo sindingamuumbe. Timasinja limodzi malaya aja, ndimawakhazika pa tebulo, ndimawamanga kumaso, aumbe okha. Ena zimatheka. Ena sizitheka, amangolila, n'kupita kwawo atapepukidwa. Koma aliyense asanatuluke ndimamufunsa kuti kunyumba wasiya ndani.

Ndikuthokoza Mulungu amene sananditaye pamene ine ndinamupatsa msana. Ndikuthokoza alamu anga, ali muno, amene anandiuza zowawa pamaso. Ndikuthokoza inu amene munagogoda pa zenela langa osatopa. Yewo chomene.

Nkhope ya Esnati ili pa chipupa kunyumba. Ikadali yotsinzina. Ambili amandiuza kuti a Mwale, ndinu wapenti, tengani bulashi muwatsegule maso. Ndimakana. Maso amenewo Mulungu sanawaike pa pepala. Anandisungila pena. Akuphunzila za uphunzitsi ku Chipata, abwela dzana pa holide. Ali apo, benchi yachitatu, pafupi ndi zenela.

Lusungu, chotsa chitenje kumaso, mwana wanga. Ndikukuyang'ana.

Ameni.